Chala Chimene Chinkataya Mawu a Apongozi

Ndiyambe ndi kunena kuti sindine mfiti. Ndanena dala, chifukwa kwa masabata atatu m'nyumba mwathu munkachitika zodabwitsa 5 koloko iliyonse madzulo, anthu a madigiri awo mpaka kuthothoka tsitsi osazimvetsa. Wozichita ndinali ine, wolekezera Fomu 2, mwana ali kubere, ndi chala chachikulu cha kumanzere basi. Ndinatsala pang'ono kuchotsetsa amuna anga ntchito. Khalani bwino ndikuuzeni.

1

Amuna anga ntchito yawo ndi yowononga zinthu. Kampani yawo imapanga apu yoimbirana foni mukuonana nkhope. Anzawo akamaliza kuilemba, iwo amaitenga n'kumaizunza kuti aone ngati ingapirire isanapite kwa anthu. Masiku ambiri ankagwirira kunyumba, patebulo lomwe timadyera.

Chida chawo chachikulu chinali kabokosi kakuda, kofanana ndi sopo wochapira, kamene anakamangirira ndi labala kuseri kwa wayifayi. Tsiku lina ndikupukuta fumbi ndinawafunsa ntchito yake.

"Ukamalankhula pa foni mawu ako sayenda onse pamodzi ayi," anatero. "Amadulidwa tizidutswa, timapaketi, n'kumayenda motsatizana ngati nyerere. Kunjaku netiweki ikavuta, tina timatayika panjira. Ndiye kabokosika kamataya dala."

"Dala?"

"Eya. Ndikakauza kuti khumi pa zana lililonse, kamataya khumi. Ine n'kumaona kuti apu itani. Ifunsanso zimene zasowazo? Ichepetsa chithunzi kuti mawu apulumuke? Kapena ingouma gwaa?"

"Ndiye anakulembani ntchito yoboola chidebe n'kumaona ngati chikudontha."

Anaseka mpaka kutsamwa. "Iwe ukanamaliza sukulu ukanavuta."

Mawu amenewa ankakonda kuwanena, ndipo ankawanena mwachikondi. Ine ankandilowa ngati munga wa m'chidendene. Sukulu ndinasiya chifukwa cha mimba, ndipo mimbayo sindinadzipatse ndekha.

Popeza manja awo ankakhala otanganidwa pa laputopu, anandiikira pa foni yanga katsamba koyendetsera kabokosiko. Palibe chovuta: kamzere kamodzi, kumanzere ziro, kumanja zana. Iwo n'kumakuwa, "Kokera pa makumi awiri! Siya pompo! Bweza!" Ndinawathandiza choncho masana awiri, kenako anaiwala. Katsambako kanangokhala m'foni mwanga ngati mpeni woiwalika m'thumba.

2

Apongozi anga anagwira unamwino zaka makumi atatu asanapume. Amakhala kutali, ulendo wa tsiku lonse pa basi, ndipo ndinkathokoza Mulungu chifukwa cha mtunda umenewo, mpaka mwana wawo anawaikira apu ija m'foni, ati akhale woyesa wochokera kunja. Kuyambira tsiku limenelo, 5 koloko ikakwana, apongozi ankalowa m'nyumba mwanga osagogoda.

"Tembenuza foniyo ndione. Matewera wayanika m'nyumba bwanji? Kulibe dzuwa kumeneko?"

"Kunali mitambo, Amayi."

"Mitambo. Tsegula kukamwa kwa mwanayo ndione. Yandikitsa. Osati mphuno, ndati kukamwa!"

Mwana wathu timamutchula Sayirini. Amene anamumvapo akulira safunsa chifukwa chake.

Lolemba lina amuna anga akuyendetsa foni m'nyumba monga mwa nthawi zonse, inadutsa patebulo. Kuseri kwa kapu ya mwana kunali kapepala kamene ndinaiwala kubweza m'chikwama. Apongozi anakhala chete. Apongozi anga sakhala chete, ngakhale m'tchalitchi amathandiza abusa kulalikira. Ndinadziwa kuti zavuta.

M'mawa mwake, amuna anga atapita ku ofesi, anandiimbira ine.

"Ndaona chimene chinali patebulo."

"Chiyani, Amayi?"

"Usandiyese wamaso akufa. Mapepala amenewo ndingawerenge ali chadodolido, magetsi atazima. Mwana wanga akudziwa?"

Ndinayamba kukonza kabulangeti ka mwana.

"Umuuze wekha lero. Apo ayi ndimuuza ine mawa."

"Amayi, nkhani imeneyi ndi ya m'nyumba mwathu."

"Amene ali m'nyumbamo ndinamubala ndine. Ndipo sindilemba meseji ayi, kapena kuimba ya mawu okha. Nkhani ngati iyi imafuna nkhope. Ndikufuna ndione yake, ndione ndi yako."

Kapepalako, owerenga, mudikire. Nanenso ndinadikiritsa munthu wogona naye bedi limodzi.

3

Tsiku limenelo sindinawauze. Mawa lake 5 koloko ndinakhala pa sofa, Sayirini kubere, foni yanga pansi pa kabulangeti kake. Amuna anga anakhala patebulo ndi foni yawo.

Moni anapatsana. Nyengo anakambirana. Kenako apongozi anavula magalasi, n'kutsokomola pang'ono.

"Mwana wanga, khala bwino. Mkazi wakoyo ali pafupi?"

Sindinaganize kawiri. Chala chinakokera kamzere mpaka kumapeto. Sayirini anandimenya ndi chidendene, foni inaterereka, kamzere kanabwerera. Ndinakokanso. Anaponyanso mwendo. Ndinakoka kachitatu, kenako mantha anandigwira ndipo ndinabweza pa ziro.

Nkhope ya apongozi inauma pa sikirini, kukamwa kuli yasa, diso limodzi lotsinzina. M'moyo wanga sindinaonepo chithunzi chokongola chotero.

"Amayi? Amayi! Mukundimva?"

Anathamangira pa laputopu. Kabokosi kali pa ziro. Netiweki ili bwinobwino. Anaimbanso, kachizindikiro ka pa sikirini n'kumangozungulira. Apu inali itafa, ndipo sinadzuke mpaka mbali zonse ziwiri atazimitsa foni n'kuyatsanso. Apongozi foni yawo sazimitsa, ati ikhoza osadzukanso. Ankadikira ithe moto yokha.

Ndinadabwa nanenso, chifukwa ine ndinali nditabweza kale. Koma wopulumuka pa ngozi safunsa dzina la dalaivala.

Masiku otsatirawo ndinasanduka katswiri. Sindinali wankhanza ayi. Ndinkawalola apatsane moni, aone mdzukulu, anditukwanire makatani. Koma magalasi akangochoka pamphuno, chala chinkagwira ntchito. Koka, bweza, koka, bweza, koka, bweza. Masekondi khumi okha, nkhani yatha.

Apongozi ankakalipira mwana wawo. "Chinthu chanuchi n'chachabechabe! Ndiye mumati mukugwira ntchito?" Ine anandiimbira padera: "Uli ndi mwayi, mwana iwe. Koma netiweki siidzavuta mpaka kalekale."

Amuna anga ndiwo anasangalala ngati mlenje. "Ndagwira chilombo!" anatero Lachisanu loyamba, akuvina ndi mwana m'manja. "Apu ikufa pa netiweki yoyera, popanda kutaya kanthu! Katatu konse!" Analemba lipoti lalitali, n'kuikapo chizindikiro chofiira. Chizindikiro chofiira chikaikidwa, apu siituluka. Inayenera kupita kwa anthu sabata yotsatira. Inaima.

Apa munthu wanzeru akanasiya. Ine ndinaganiza kuti ndawapatsa amuna anga chochita.

4

Mbali ya apu imene inkafayo analemba ndi Magalasi, mnzawo wa amuna anga kuyambira kusukulu, munthu wofatsa ngati nkhosa, bambo wa mapasa. Ku ofesi anayesa m'mawa ndi masana, apu osafa. Anayesa pa mafoni khumi ndi awiri, osafa. Anasintha mawaya, anasintha wayifayi, anaimbirana mpaka nkhani zinawathera n'kumangowerengerana manambala a pa kalendala. Osafa.

Kunyumba kwathu, 5 koloko, gwaa.

Mwina mufunsa kuti kabokosiko sikankasunga mbiri ya zimene kachita? Kankasunga, koma mwini wake anazimitsa yekha kalekale, ati kamadzaza msanga. Munthu wophunzira amadzikumbira yekha dzenje, iwe kwako n'kungoikapo masamba.

Sabata yachiwiri ndinayamba kuwamva amuna anga akukangana ndi Magalasi pa foni.

"Ukunena kuti ndikunama?"

"Sindikunena choncho, achimwene. Ndikungoti kuno sizikuchitika."

"Ndiye ndikulota? Mayi anga akuuma pa sikirini tsiku lililonse ngati nsomba, ine ndikulota?"

Anasiya kudya bwino. Ankalankhula okha kubafa. Tsiku lina anaika shuga m'kapu, n'kuthiramo madzi ozizira, n'kumwa osazindikira. Ine mtima unkandipweteka, koma 5 koloko ikakwana, magalasi akachoka pamphuno, chala sichinkafunsa mtima.

Lachitatu la sabata yachitatu anabwera kuchokera ku ofesi, n'kukhala pansi osavula nsapato.

"A Madamu atopa," anatero. A Madamu ndi abwana awo, mayi amene ndinali ndisanawaonepo koma ndinkawadziwa ndi mmene amuna anga ankaimirira akamayankha foni yawo. "Akubwera kuno Lachisanu, iwo ndi Magalasi. Akuti zikachitika iwo akuona, Magalasi alongedze, chifukwa wakhala akukana cholakwa chake. Zikapanda kuchitika, ndilongedze ine, chifukwa ndaimitsa kampani yonse masabata awiri ndi nthano."

"Sangatero. Angowopseza."

"Sunawaone."

Lachinayi ndinayesa kulankhula. Ndinawapeza akusita malaya, chinthu chimene sachita okha pokhapokha mtima uli m'malere.

"Bambo a Sayirini."

"Ee?"

"Pali nkhani."

Anakweza maso, ofiira, otopa. "Ngati ndi ya gasi, ndigula mawa."

"Eya," ndinatero. "Ndi ya gasi."

5

Anafika 4 koloko ili pafupi kutha. A Madamu anali aafupi kuposa mmene ndinkaganizira, a nsapato zogogoda, ndipo anakhala pa mpando wathu umodzi wosagwedera ngati anauzidwa kale kuti ndi uti. Magalasi anabwera ndi chikwama chodzaza mawaya. Anali ataonda.

"Alamu, muli bwanji? Pepani takusokonezani m'nyumba."

Ndinalephera kumuyang'ana. Ndinawapatsa tiyi, n'kukakhala pamalo anga pa sofa, mwana kubere, foni pansi pa kabulangeti.

Onani mmene zinalili. Ndikakoka, chinsinsi changa chapulumuka, amuna anga apulumuka, koma bambo wa mapasa wapita chifukwa cha ine. Ndikapanda kukoka, amuna anga apita, ndipo apongozi andivula pamaso pa alendo. Ku Fomu 2 samu yotere sitinafikepo.

Foni inalira. Apongozi ataona alendo nkhope inawala ngati alandira mphatso.

"Oo, pali anthu! Awa ndi abwana ako? Muli bwanji mayi? Chinthu chanuchi n'chachabechabe, ndikuuzeni pamaso."

"Ndi chimene tabwerera, mayi," anatero a Madamu. "Ingolankhulani monga mwa masiku onse."

"Ndilankhula. Bola pali mboni." Apongozi anavula magalasi awo. Katsokomolo kaja. "Mwana wanga, khala bwino."

Chala changa chinali kale pa kamzere. Ndinayang'ana amuna anga, malaya ositasita, thukuta pamphumi, akupemphera kuti apu ife. Ndinayang'ana Magalasi, akupemphera kuti isafe. Mapemphero onse awiri anali akubwera kwa ine, ndipo sindinafunsire mpando umenewo.

Ndinatulutsa foni, n'kuiika patebulo pakati pa makapu, kamzere kakuonekera.

"Amayi, dikirani. Ndinena ndekha."

Onse anatembenuka.

"Bambo a Sayirini, ndinakaikitsa kachipangizo kolera ka pamkono. Ka zaka zitatu. Papita miyezi isanu ndi umodzi. Chimene Amayi anaona patebulo ndi khadi la kuchipatala. Ndinalembetsanso sukulu ya masana, chaka chikayamba ndikulowa Fomu 3." Ndinaloza foni ija. "Ndipo chiwanda cha 5 koloko ndine. Ndi ichi."

Ngakhale Sayirini anasiya kuyamwa n'kutembenuka.

Woyamba kupeza mawu anali apongozi. "Wandilanda nkhani! Masabata atatu ndikuisunga, ndikuikonza, iwe n'kungoitaya choncho ngati madzi otsukira mbale? Ndiye unkandiumitsa ndiwe? Ine? Mayi wa mwamuna wako?"

Amuna anga sanayang'ane foni iliyonse. Anayang'ana mkono wanga wakumanzere, pamwamba pa chigongono, pamene kwa miyezi isanu ndi umodzi ndinkavala zamanja aatali ngakhale kukutentha.

Magalasi anasendeza kapu pang'onopang'ono. "Alamu, tandionetsani mmene mumachitira. Ndendende."

Ndinayang'ana a Madamu. Anagwedeza mutu movomera. Apongozi anali pakati pa kufotokoza mmene iwo ankalemekezera apongozi awo. Koka, bweza, koka, bweza, koka, bweza. Anauma chala chili m'mwamba.

"Pano pali ziro?" anafunsa Magalasi.

"Ziro."

Tinadikira. Mphindi imodzi. Ziwiri. Apongozi akadali chiumire.

Magalasi anavula magalasi ake n'kupukuta kumaso. "Siyenera kutero," anatero motsitsa mawu. "Netiweki ikabwerera iyenera kudzuka yokha." Anatembenukira kwa amuna anga. "Achimwene, inu mumataya bwanji poyesa?"

"Khumi pa zana. Makumi awiri. Makumi atatu."

"Mosalekeza, mofanana?"

"Eya."

"Alamu sataya choncho. Amadula zonse kamodzi, n'kubweza, n'kudulanso isanapume. Ngati munthu ali m'basi ikudutsa pakati pa nyumba zitalizitali. Katatu motsatizana, apu imataya mtima n'kusiya kufunsa." Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Cholakwacho chilipo ndithu. Ndi changa."

"Ndani anakuphunzitsani kutaya choncho?" anafunsa a Madamu.

Ndinaloza mwendo wa Sayirini.

A Madamu anamaliza tiyi wawo osafulumira, ife tonse tikuwerenga mmene akumezera. Kenako anaimirira.

"Magalasi, ukonze pofika Lachiwiri. Iwe," analoza amuna anga, "lipoti lako linali lolondola mwangozi. Wayesa chaka chonse njira imodzi yokha, ndipo chida cha kampani unachisiya m'manja mwa munthu wosalembedwa ntchito. Lolemba upeza kalata ya chenjezo. Kabokosiko ndikutenga pompano, ndipo kuyambira lero ukugwirira ku ofesi, pamene ndikukuona."

Anafika pakhomo n'kutembenukira kwa ine. Ndivomere, ndinakonza nkhope. Ndinkayesa anena kuti ndili ndi mutu.

"Mayi, musadzakhudzenso katundu wa kampani."

Nsapato zinagogoda mpaka kumsewu.

6

Alendo atapita, amuna anga anakhala pa mpando wosagwedera uja, manja ali pa maondo. Za kalata ya chenjezo sananene kanthu.

"Miyezi isanu ndi umodzi," anatero. "Mwezi uliwonse ndikufunsa za mimba, iwe n'kumati mwina wamawa. Ukudziwa kuti ndinapita kukayezetsa? Ndekha, osakuuza. Ndinkayesa vuto ndi ine. Ndinakhala pa benchi maola atatu ndi kabotolo m'manja ngati wakuba."

Chimenecho sindinkachidziwa. Chinandipweteka kuposa zonse za tsikulo.

"Pepani," ndinatero. "Pa chimenecho pepani kwambiri. Koma za sukulu ndinakufunsani kawiri. Munati mwana akakula. Asanayambe n'kuyenda komwe munayamba za wachiwiri. Wachiwiri akakula mudzati wachitatu. Ine ndidzalowa Fomu 3 ndi ndodo?"

"Ukanandiuza."

"Mukanavomera?"

Amuna anga ali ndi zofooka zawo, koma bodza sadziwa.

"Ndikanakana."

"N'chifukwa chake."

Masiku asanu ndi anayi sanandilankhule kupitirira "mchere uli kuti". Magalasi anakonza apu, inatuluka, koma kwathu sanapondeko mpaka lero, ndipo mkazi wake akandiona m'sitolo amayamba kuwerenga zolemba za pa chitini. Tsiku lakhumi amuna anga anabwera ndi pepala lojambulidwa mizere ndi rula, n'kuliika patebulo.

"Lachiwiri ndi Lachinayi ndizituluka msanga, ndizimutenga mwana. Masiku enawo tifune munthu."

"Ndiye mwandikhululukira?"

"Ayi. Ndangolemba ndandanda."

Ndinaimata pakhoma ndi tepi. M'banja mwathu chikhululukiro chimabwera ndi mizere.

7

Tsono inu owerenga, makamaka amayi anzanga amene mabuku anu ali pansi pa sutikesi, musandimve molakwika. Za mkonowu sindikupepesa. Mkono ndi wanga, mutu ndi wanga, ndipo mayeso sadzandifunsa kuti amuna anga anavomera liti. Chimene ndikupepesa n'chakuti ndinaopa kukangana kwa tsiku limodzi, ndiye ndinakuchedwetsa masabata atatu, mpaka kunadzabwera ndi abwana, ndi mboni, ndi ntchito za amuna awiri m'manja. Nkhani imene ukuibisa siichepa ayi, imangoitana anzake. Ngati muli nayo yanu, ineneni lero pa chakudya chamasana, muli awiri, mwana akugona. Adzakwiya, inde. Akwiye. Bola bambo wa mapasa wosalakwa asaonde chifukwa cha inu.

Komanso, musasiye mapepala a kuchipatala patebulo.

Za "tifune munthu" zija, munthuyo wapezeka yekha. Apongozi akuti apu sakuikhulupiriranso, ngakhale yokonzedwa, ndipo mdzukulu wawo sangaleredwe ndi wantchito pamene iwo ali moyo. Akuti ngati ndikupita kusukulu ndipite ndithu, koma homuweki aziiona okha. Agula kale tikiti ya ulendo umodzi.

Ngati pali wina wodziwa mmene munthu amakhalira ndi namwino wopuma ntchito m'nyumba ya zipinda ziwiri, alembere kwa akonzi a magazini ino. Mwachangu chonde. Akufika Loweruka.